Chotsekera cha loko pa galimoto ya bambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tikudzuka ndithu, koma amayi ali m'chipatala. Ndikufuna mumve kwa ine mmene zinayendera, osati kwa mnzanu wa golosale uja.

Mukukumbukira tsiku limene munkanyamuka? Munachotsa chotsekera chakale pa thanki ya galimoto ya malemu bambo n'kuikapo chanu cha loko. Munati petulo akutha msanga pakhomo pano. Dzina simunatchule, koma maso anu anali pa mwamuna wanga. Kiyi munasiyira mnzanuyo kuti iye ndiye azitsegula tikafuna kuthira mafuta. Ine ndinangovomereza poti ndinu aakulu.

Kuyambira pamenepo galimoto inayamba matenda. M'mawa inkalira bwinobwino. Tikayenda kamtunda inkayamba kutsamwa, kenako n'kuzima. Tikadikira pambali pa msewu, inkaliranso ngati palibe chachitika.

Nditakuuzani pa foni, munati alamu anu sadziwa kuyendetsa. Kenako munati ndi mapulagi, tinasintha. Munati ndi fyuluta, tinasintha. Pampu nayo tinagula ina. Munkaichiza muli kutali, ngakhale kulira kwake osakumva.

Sabata yatha amayi anabanika. Tinawanyamula msangamsanga, ndipo galimoto inakazima pa chitunda chija tisanafike kuchipatala. Dzuwa lili paliwombo, amayi akupumira m'mwamba. Mwamuna wanga anayesa kuliza, osatheka. Ndiye wakuba wanu ujayo anawabereka amayi anu kumbuyo n'kukwera nawo chitunda chonse, ine ndikuthamanga pambuyo nsapato zawo zili m'manja. Adokotala anati tinachedwa, ndipo mtima wawo wafooka kwambiri.

M'mawa mwake tinaikokera galimoto kwa makaniko. Iye sanatigulitse kanthu. Analumikiza geji pa paipi yopita ku injini kuti aone mphamvu imene mafuta akukankhidwira, n'kutiuza kuti tiyende naye. Poyamba kamuvi ka geji kanaima bwino. Titayenda ndithu, kanayamba kutsika pang'onopang'ono mpaka injini inazima.

Anatsika, kuzungulira ku thanki, n'kufunsa kiyi. Ndinayankha kuti kiyi ali ndi munthu wina, ndipo wapita kokaoda katundu. Mmene anandiyang'anira muja, ndinachita manyazi ngati galimotoyo ndaiba. Ndinamuuza kuti angochiswa chotsekeracho.

Atangochiswa, thanki inakoka mpweya kuti fyuu! Analiza, kamuvi n'kukwera pomwepo. Anati galimoto zakale ngati iyi zimapumira pa kabowo ka pa chotsekera. Cha bambo chinali nako kabowoko, chanu cha loko chilibe. Mafuta akamatuluka koma mpweya osalowa, pampu imakoka mpaka kulephera. Anandionetsa thanki itaphwafuka kunsi ngati chitini chopondedwa.

Petulo wotha msanga uja anamupezanso. Kapaipi kakale kankadontha pansi pa galimoto, mwina kuyambira bambo ali moyo. Mukanagwada n'kusuzumira mukanakaona, koma kukayikira mlamu kunali kosavuta kuposa kudetsa thalauza.

Ndakwiya, achimwene, sindikubisirani. Amayi sitinawauze. Akatsegula maso amangofunsa kuti mwana wawo afika liti.

Chonde musatumizenso malangizo pa foni. Bwerani, muwapeze akadali ndi mawu. Mukafika muyambe mwawaona alamu anu, msana ukuwapwetekabe.

Chotsekera cha bambo ndinachipeza m'kabati mwanu ndipo tachibwezera. Galimoto ikukwera chitunda chija tsiku lililonse popita kukawaona amayi. Mnzanuyo mumuuze kuti kiyi asunge, palibenso chimene angatsegule pakhomo pano.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni ndipo akufikitseni kuno msanga.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.