Kansalu ka mu Fani ya Kompyuta

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Nanga msana uja unasiya? Ife kuno Mulungu akutisunga, kungoti mtendere unathawa m'nyumba muno.

Nkhani ndi ya kompyuta imene munamulumikizira mwana wanga Namabatani musanachoke. Ndikudziwa kuti anakulemberani mawu achipongwe, akuti amalume munamuikira zida zotola kudzala. Ndikudziwanso kuti chiyambire tsiku limenelo simuyankha foni yake. Werengani kaye mpaka pansi.

Paja ali mu timu ya anthu asanu yosewera gemu pa intaneti. Ine ndinkati ndi zachibwana, koma chimalizireni sukulu, ndi pokhapo pamene ndimamumva akuseka. Masabata atatu apitawa gemu inayamba chibwibwi. Poyamba imayenda bwino, koma pakatha mphindi khumi zithunzi zimangodumphadumpha. Mdani amene anali kutali, kuphethira kamodzi, ali kale pamphuno. Anzake ankamukuwira m'mahedifoni kuti kodi wabwereketsa manja kwa agogo ake? Mkulu wa timu anafika pomuuza kuti akadodomanso aika wina.

M'nyumba simunkakhalika. Namabatani anayamba ndi kutukwana a netiweki, anasintha waya, osatheka. Kenako anati ramu, kachipangizo kothandiza kompyuta kukumbukira zinthu, ndi yochepa, anakabwereka ina kwa mnzake, chimodzimodzi. Atasowa womunena, mkwiyo wonse unagwera inu.

Dzulo tinaitana wokonza makompyuta. Anafotokoza kuti purosesa ndi khadi la zithunzi zikatentha kwambiri zimadzichepetsera zokha liwiro kuti zisapse, ngati munthu wothamanga padzuwa, ndipo chibwibwi chimachokera pamenepo. Anatuma Namabatani kukatenga burashi kuchipinda. Wokonzayo atatsegula bokosi la kompyuta anasolola kansalu kobiriwira kamene kanatsamwitsa fani yaikulu.

Achimwene, kansaluko ndi kotsala pa yunifolomu ya kwaya yathu.

Bamboyo anayang'ana kansalu, anayang'ana makina anga osokera pakona, kenako ine. Anakaponya m'thumba. Mwana atabwera, anamuuza kuti linali fumbi chabe.

Ndinakaikamo ndine. Linali Lachinayi, amayi a mapemphero anasonkhana pabalaza panga. Kompyuta inali yoyaka, ikukoka zinthu za gemu pa intaneti, ndipo mwini wake anandiletsa kuizimitsa. Fani inkangolira. Tili pakati pa pemphero, amayi otsogolera anatsegula diso limodzi n'kufunsa ngati ndayamba kuweta njuchi. Onse anaseka, ine manyazi. Atayambitsa nyimbo ndinatenga kansalu n'kukakankhira pa timabowo ta m'mbali mwa bokosi ndi nsonga ya sizasi. Kunangoti zii. Ndinati ndachita zanzeru.

Kuika kansaluko kunali kusadziwa, koma tchimo langa ndi lina. Sabata yachiwiri ndinagwira bokosilo, linali lotentha ngati simbi, ndipo mtima unandiuza. Koma sindinaulule. Batalo ndinkalikonda, komanso ndinkaopa pakamwa pa mwana wanga yemwe. Pamene ankakulemberani uthenga uja ndinali pomwepo, ndikupinda mpendero wa siketi ya munthu, kumangoti Ambuye tichitireni chifundo.

Fani yanu inapsa. Bamboyo waikamo ina yakale imene ikulira ngati chigayo, ndipo gemu ikuyenda. Malo a mwana mu timu apulumuka. Koma za fumbizo Namabatani wazikana. Akuti fumbi lichokera kuti m'nyumba imene amayi amapukuta kawiri patsiku? Akuti wokonzayo akungobisa manyazi a amalume. Mwaona? Bodza londitchinjiriza ine likupitiriza kukudetsani inu.

Zanditopetsa, achimwene. Ndikagwada kuti ndipemphere, mawu sakutuluka. Munamulera mwanayu bambo ake atatisiya, ndinu munamuphunzitsa kugwira mbewa ya kompyuta asanadziwe kumanga nsapato. Musatayane chifukwa cha chigamba changa. Akaimba, chonde yankhani, ndipo ukali wotsalawo mundisungire ine.

M'mawa uno ndinapita kushopu kwa bambo uja kukapempha kansalu kanga. Ndakaika pa kiyibodi, pomwe Namabatani sangakaphonye. Wapita kukabweza ramu ya mnzake, abwera posachedwa. Ndakhala pampando woyang'ana kukhomo, fani ikundisokosera, ndipo sindiikhudza.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ambuye akusungeni, ndipo mundikumbukire m'pemphero, pakuti geti ndi limenelo likulira.

Ndine mlongo wanu,
Make Namabatani