Masitepe obooka andidanitsa ndi amayi anzanga

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 34. Ndimakhala ku Nsungwi ndipo ndimagwira ntchito pa fakitale ina yoyenga mafuta ophikira ku Kanengo. Kuntchitoko kuli masitepe achitsulo okwerera m'mwamba momwe timathira mafuta m'zigubu. Akalewo anali osalala, mafuta akadonthera ankaterera koopsa. Mu Januwale mnzanga Dinah anagwa n'kuthyoka mkono.

Poti ndili m'komiti yoona za chitetezo, abwana anandituma pamodzi ndi a Gilford, owotcherera zitsulo, kukasankha masitepe atsopano. A Gilford anandionetsa mitundu iwiri: chitsulo chathyathyathya cha timizere, ndi china chobookabooka ngati sefa, cha mano pamwamba. Anati pa chobookacho mafuta amangodutsa, nsapato n'kumagwira bwino. Ndinasankha chomwecho.

Atangowaika, nkhani inabuka. Munthu akaima kunsi amaona zonse za amene akukwera, ndipo ambirife timavala masiketi. Pali abambo atatu amene ayamba kudyera nkhomaliro pansi pa masitepewo, n'kumaseka tikamadutsa. Amayi anzanga asiya kundilankhula. Dinah yemweyo anandiuza kuti, "Bola kugwa kusiyana n'kuvulidwa tsiku ndi tsiku." Pano akusainitsana kalata yoti masitepe akale abwerere.

Ndili ndi mantha, Aphungu. Akale aja akabwerera, tsiku lina munthu adzafa. Atsopanowa akakhala, mbiri ikafika kwa amuna athu, wolakwa ndidzakhala ine. Nditani?

P.M., Nsungwi

Mayi P.M.,

Mtima m'malo. Simunasankhe molakwika: pamalo pa mafuta chitsulo chobooka cha mano ndicho choyenera. Kungoti inu ndi a Gilford munaganizira phazi lokha, za amene ali kunsi munaiwala. Dandaulo la anzanuwo ndi lomveka, musawanyoze.

Mawa lomwe pitani kwa a Gilford muwafunse ngati angatseke kunsi kwa masitepewo ndi lata. Aliike motsetsereka kuti mafuta azitsikira m'chidebe, komanso lizitha kumasulidwa potsuka. Mutengeni Dinah. Akamva yekha kuti njira ilipo, kalata ija adzailemba mosiyana. Podikira latalo, ikani migolo pansipo kuti pasapezeke pokhala munthu.

Abambo atatuwo musawachitire manyazi. Palibe anawatuma kukadyera pamenepo. Lembani mayina awo muwapereke kwa abwana ngati komiti, osati inu nokha. Pemphaninso maovololo a amayi amene angawafune, koma osakakamiza munthu.

Amuna anu auzeni nokha lero, asanamve nkhaniyi mu minibasi itathiridwa kale mchere.

Chenjezo langa ndi ili: wina asayale makatoni kapena masaka pa masitepewo pofuna kutseka maenje. Ndikudziwa kuti alipo kale amene akuganiza zotero. Muletseni. Katoni ikamwa mafuta imatsetsereka pamodzi ndi phazi la woipondayo.