Kompyuta ya mayi a kunyumba yalowa, yanga yatulutsidwa

Aphungu,

Ndine bambo wa ana atatu, ndipo ndili ndi kampani yaing'ono yogulitsa masipeya a galimoto. Ndimagwira ntchito limodzi ndi mayi a kunyumba. Ine ndimaona za katundu ndi makasitomala, iwo amaona za maoda ndi makalata. Ndisakubisireni, mayiwa ndi ooneka bwino, ndipo amaseka ndi aliyense. Kuseka kumeneko ndi kumene kunandikopa tili achinyamata, koma lero kukundiwondetsa.

Makompyuta athu onse ndi olumikizidwa ku seva, chikompyuta chachikulu chimene chimakhala m'chipinda chakumbuyo pakati pa makatoni a mafiluta. Akatswiri amati makompyutawo ali mu domeni. Mmene ndimamvera ine, domeni ili ngati mpanda wa kampani: kompyuta ikalowamo, seva imaidziwa ndipo imailola kuona mafayilo athu ndi kugwiritsa ntchito pulinta. Ikakhala kunja, ndi chibokosi chabe.

Mwezi watha kompyuta ya mayiwa inafa, ndiye ndinawagulira yatsopano. Ndinaitulutsa ndekha m'katoni. Poiyatsa koyamba inafunsa dzina, ine n'kuipatsa dzina langa, monga momwe ilili yanga ya mu ofesi. Wogula ndine, komanso ndinafuna kuti aliyense woigwira adziwe kuti mayiwa ali ndi mwini wake. Chotsala chinali kuilowetsa mu domeni, ndipo pamenepo mpamene satana analowera.

Katswiri wathu wakale, bambo wachikulire wopanda nthabwala, anasamuka. M'malo mwake anatilozera mnyamata wina amene antchito anga amutcha Mawaya. Ndikuti mnyamata, koma ndi munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zometa mosamala, malaya othina ngati anabadwa nawo, ndi perefyumu wofika munthu asanafike. Tsiku limene anabwera kudzaona ntchito, ine anandipatsa moni wa "bwana", koma mayi a ana anga anawatchula kuti "a sisi". Sisi wa ndani? Anabadwira kumodzi?

Desiki ya mayiwa inali m'chipinda chamkati, chokhala ndi chitseko. Sindine mwana. Madzulo omwewo ndinaikoka n'kuiika pafupi ndi windo lagalasi la ofesi yanga, poti ndizitha kuona zonse. Pamenepo palibe pobayira chingwe cha netiweki, koma sindinavutike, ndinangolumikiza kompyutayo ku wayifayi imene timapatsa makasitomala akamadikira katundu. Intaneti inkagwira bwinobwino.

Mawaya atabweranso kudzaiyamba ntchitoyo, kompyuta inakana. Inkangolemba kuti domeniyo siikupezeka. Iye anakoka mpando n'kukhala phewa ndi phewa ndi mayiwa, onse maso pa sikirini imodzi. Akadina apa, yakana, aseka. Akadina apo, yakananso, asekanso. Choseketsa n'chiyani pa chinthu chokana kugwira ntchito? Ine kuseri kwa galasi ndinkawerenga tsamba limodzi la kabuku ka masipeya mpaka linanyowa ndi thukuta la m'manja.

Kenako anagogoda kwa ine n'kunena kuti, "Bwana, kompyutayi ili pa wayifayi ya alendo, ndipo wayifayi imeneyo sifika ku seva. Tibweze desiki mkati muja, kapena ndikokere chingwe chachitali." Mwamva, Aphungu? Mkati muja! Ndinamuyankha kuti desiki sisuntha, abweretse chingwe.

Anabwera nacho mawa lake. Anachikhomera m'mbali mwa khoma kuchokera kumbuyo, ndipo pomaliza anagwada n'kulowa pansi pa desiki, mayiwa ali chikhalire pampando. Ndinatuluka n'kuwauza mayiwa kuti aimirire akaone ngati dalaivala wafika. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Dalaivala mwamutuma nokha m'mawa uno." Koma anaimirira.

Ndi chingwecho domeni inapezeka, koma kompyuta inafuna dzina ndi pasiwedi ya mwini seva, amene ndine. Mawaya anati ndimuuze. Ndinakana. Munthu amene wayamba kale kutchula mayi a ana anga kuti sisi, ndimupatsenso kiyi wa kampani yonse? Ndinati ndilemba ndekha. Koma dzanja linali pa kiyibodi, maso ali pa awiriwo, chifukwa nthawi yomweyo mayiwa ankamufunsa ngati amamwa tiyi wa mkaka. Ndinalakwitsa. Ndinalembanso, n'kulakwitsanso. Ndinapitiriza mwaukali mpaka seva inatseka akaunti yanga.

Mawaya anati tidikire, itseguka yokha. Anadikiradi, mwendo pamwamba pa unzake, akumwa tiyi m'kapu yamaluwa imene ine mwini wake sindinamwerepo chiigulireni. Nthawi itamuthera anapita kwa kasitomala wina, n'kulonjeza kuti abweranso. Ndinati mumtima, ubweradi, nanga tiyi wotere ungamusiye?

Ulendo wotsatira ndinalemba pasiwedi modekha, ndipo kompyuta inalowa. Mayiwa anawomba m'manja n'kunena kuti, "Koma Mawaya ndinu dolo!" Ine ndinagula kompyutayo, koma dolo ndi wina. Mumtima ndinangoti bola zatha, asaonekenso.

Aphungu, m'mawa mwake ndinayatsa kompyuta yanga, imene yanditumikira zaka popanda vuto, ndipo inandikana. Inalemba kuti seva siikuizindikira. Ndinaizimitsa, kuiyatsanso, chimodzimodzi. Ya mayiwa ili pheee, ikugwira ntchito ngati yakhala pamenepo chibadwire. Wa pakauntala, amene pakamwa pake sipatsekeka, anasuzumira n'kunena kuti, "Bwana, ndiye kuti akutulutsani m'kampani mwanu momwe?" Anzake anaseka chikhakhali.

Pamenepo mutu unaima. Ndinapita pa desiki ya mayiwa n'kuwafunsa, antchito onse akumva, kuti anapangana chiyani ndi Mawaya. Ndinalanda foni yawo. Ndinapezamo nambala yake, zithunzi za sikirini zimene ankamutumizira kompyuta ikakana, ndi uthenga wawo kwa iye woti "zikomo kwambiri" wokhala ndi kankhope komwetulira. Ndinakweza foniyo m'mwamba kuti onse aone kankhopeko.

Mayiwa sanakuwe. Anatenga chikwama chawo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndakuberekerani ana atatu, kampani ino tinaiyamba tonse pa tebulo limodzi, lero mukundisecha ngati wakuba pamaso pa anthu amene ndimawatuma?" Anapita kwa akulu awo ndi mwana wamng'ono, ndipo mpaka lero sanabwere. Ndikaimba, amayankha akulu awowo. Akuti mayiwa adzabwera ndikachira.

Pano ndagwira njakata. Kompyuta yanga siikutseguka. Yawo ili ndi pasiwedi imene sindiidziwa. Maoda aunjikana. Mawaya akuimba koma sindikuyankha. Analemba uthenga woti wadziwa chavuta ndipo ndi ntchito ya kanthawi kochepa, koma ine ndikuti galu wamkota sakandira pachabe. Kodi sanachite dala kuti azibwerabe? Ndiitane katswiri wina, makamaka wachikulire? Nanga mayiwa, ndiwatsatire kapena ndidikire aone okha kuti analakwa? Chakudya sichikulowa, Aphungu. Ndimawakonda, ndipo nsanje ikundidya ngati chiswe.

B.K.M.,
m'tauni muno

*

Bambo B.K.M.,

Khalani pansi, mumwe madzi, chifukwa zimene ndikuuzeni sizikoma. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri kufunafuna pamene mayi analakwa, ndipo sindinapapeze. Chimene ndapeza n'chakuti ulendo uliwonse umene Mawaya anabwera, munamuitana ndinu.

Taonani. Desiki ikanakhala pamalo pake, pomwe pali pobayira chingwe, ntchito ikanatha tsiku loyamba. Wayifayi ya alendo imapatulidwa dala kuti kasitomala asaone mafayilo anu. Kompyuta ikakhala pamenepo ipeza intaneti, koma seva siingaipeze. Inu munaiika kunja kwa mpanda, kenako n'kumadabwa kuti bwanji mlendo akuchedwa pakhomo. Pansi pa desiki paja anagwadapo chifukwa cha chingwe chimene munasankha nokha. Tiyi uja anamwa podikira akaunti imene munatseka ndi zala zanu.

Tsopano za kompyuta yanu. Palibe anakutulutsani mwachiwembu. Seva imadziwa kompyuta iliyonse ndi dzina lake, ndipo dzina limodzi limakhala ndi malo amodzi basi. Inu munapatsa kompyuta yatsopano dzina la yanu. Italowa, ndi chilolezo cha pasiwedi yanu yomwe, seva inaitenga kuti ndi yomwe ija n'kuipatsa malo a yakaleyo. Yanu itabwera m'mawa inapeza pampando pali kale wina. Apa Mawaya nayenso ali ndi mbali yake: katswiri wosamala amayamba waona dzina la kompyuta asanailowetse. Kumeneko ndi kupupuluma pa ntchito, ndipo mumuuze. Koma si chibwenzi. Ndipo kunena zoona, ndani angaganize bwino mwini kampani atamuimirira kumsana, maso ali psuu?

Yankhani foni yake lero. Musaitane wina, chifukwa watsopano adzayambira pachiyambi, ndipo akadzapezeka kuti nayenso amadzola perefyumu mudzatani? Mawaya asinthe dzina la kompyuta ya mayi, ikhale ndi lakelake, kenako atulutse yanu mu domeni n'kuilowetsanso. Mafayilo anu sapita kulikonse, koma muuzeni ayambe wasunga padera zimene zili m'kompyutamo. Aonenso kuti makompyuta onse awiri ali pa netiweki ya ofesi, kuti akufunsa njira kwa seva osati kwa kabokosi ka intaneti, ndiponso kuti wotchi yawo ikugwirizana ndi ya seva, chifukwa nthawi ikasiyana kwambiri seva imakananso. Za pasiwedi, simunalakwe kuisunga. Njira yake ndi yoti mumutsegulire akaunti yakeyake yogwirira ntchitoyo, akamaliza muitseke. Palibe chifukwa chomuimirira ngati mlonda.

Zimenezo ndi zophweka. Ntchito yeniyeni ili kwa akulu awo a mayi, ndipo kumeneko mupite musanayambe za makompyuta. Mukapita chifukwa maoda aunjikana, adzadziwa, akazi sapusitsika pa zotere. Musanyamule mlandu, musatchule kankhope komwetulira kaja. Munthu amene akubisa chibwenzi satumiza zithunzi za kompyuta yokana kulowa. Kauzeni mayi zimene mwandiuza ine kumapeto kwa kalata yanu, kuti mumawakonda ndipo nsanje yakudwalitsani. Mawu amenewo mwawalembera munthu wachilendo m'nyuzipepala, koma mwini wake sanawamve.

Akakukhululukirani, nkhani sinathe. Munawanyoza pamaso pa antchito, ndiye kupepesa kwa kuchipinda sikukwana. Musonkhanitse anthu omwe aja, wa pakauntala akhale kutsogolo, munene ndi pakamwa panu kuti munalakwa ndipo mayi alibe mlandu. Zidzakuwawani, koma iwonso zinawawawa. Desiki muwafunse okha kumene akufuna ikhale, ndipo akati mkati, muinyamule nokha.

Sindingalumbire za mumtima mwa Mawaya, sindimudziwa. Mwina ndi wokonda kuseka ndi akazi a eni, alipo ambiri otere. Ngati "a sisi" ikukuwawani, muuzeni mwaulemu kuti pa ntchito ndi mayi. Koma amuna oyang'ana sadzatha, bambo. Lero ndi wa makompyuta, mawa wa magetsi, mkuja wodzagula mabuleki. Akulu anati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Munasankha mkazi wansangala, ndipo amene amakutetezani kwa anthu onsewo ndi iye mwini, osati windo lagalasi.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire kuti mayi aone okha kuti analakwa, chifukwa sanalakwe, ndipo akudziwa. Mkazi wolalata amakhala akadali nanu. Wanuyu anatsitsa mawu n'kutenga chikwama. Tsiku lililonse limene mukuchedwa, akuphunzira kuti kumene aliko amadzuka, kuseka ndi aliyense, popanda womuwerengera mano. Akazolowera zimenezo, simudzakhala ndi Mawaya woti mumuloze chala. Nyamukani lero.

Aphungu