Abusa Sakudya

Lolemba, 3 Malichi

Bambo agonekedwa m'chipatala. Adokotala akuti ndi sitiroko. Pakamwa pakhota, mawu sakutuluka. Amayi akugona komweko, ine ndatsala ndi nyumba ndi thanki ya nsomba ya pabalaza, yomwe chikhalire ndimaletsedwa kuikhudza.

Ndinawanong'oneza kuti, "Nsomba zanu mudzazipeza zonse, Bambo." Anandifinya dzanja. Ndinalonjezeranji kaya, poti ngakhale kadyetsedwe kake sindikadziwa.

Lachiwiri, 4 Malichi

Pashelefu pali tizitini, kalikonse ndi mwini wake. Chakudya chopyapyala choyandama ndi cha tinsomba tofiira tosakhazikika. Nyongolotsi zouma ndi za Bwana, chinsomba chamizeremizere chokonda nyama. Timibulu tomira ndi ta Abusa, nsomba yakuda yandevu, yoyera pakhosi, yokhala kunsi kwa mwala. Abusa ndiwo mtima wa Bambo. Anabwera nawo ine ndili kusekondale, ndipo amawapatsa moni asanapatse ife.

Kuseri kwa thanki ndapeza kapaipi kapulasitiki kakatali, kodzaza ndere. Bambo satha kutaya chinthu. Ndakatayira m'katoni ya zinyalala pakhonde.

Lachinayi, 6 Malichi

Mbulu wa Abusa sukufika pansi. Ndikangouponya, tofiira timaukhadzula m'mwamba momwemo, Bwana n'kumalizitsa. Abusa amangosuzumira, ndevu panja, n'kubwerera. Ndawonjezera chakudya kuti mwina china chipulumuke. Madzi ayamba kuoneka mbuu.

Achimwene pafoni: "Nsomba ndi nsomba, chemwali. Ingothira zonse pamodzi, yanjala idya." Munthu woti sanawetepo ngakhale mphaka.

Loweruka, 8 Malichi

Bambo akulephera kumeza. Amayi akawapatsa supuni imodzi, amatsamwa mpaka misozi.

Atandiona, Bambo anapinda zala za dzanja labwinolo ngati agwira ndodo, n'kumalitsitsa pang'onopang'ono, kubwerezabwereza. Amayi akuti, "Akufuna madzi." Tinawapatsa, anakankha kapu. Maso ali pa ine, psuu. Ndinanama kuti zonse zikudya bwino. Anatembenukira kukhoma.

Lolemba, 10 Malichi

Kofiira kamodzi ndakapeza katayandama chagada, kamimba kali tuu. Kakhuta mpaka kufa, pomwe Abusa mimba yalowa m'kati. Ndasintha madzi koma kafungo sikakuchoka.

Bwana wayamba kuzungulira mwala wa Abusa. Amaima pakhomo pawo, osagwedezeka, kungoyang'ana. Ndimamenya galasi, amachoka, ndikatembenuka wabwereranso. Masiku ano ndikuopa kulowa pabalaza m'mawa.

Lachitatu, 12 Malichi

Mchira wa Abusa walumidwa m'mphepete. Sindinauze aliyense.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndawapeza Bambo ali ndi kapaipi m'mphuno. Anamwino akuti chakudya chizidzera mmenemo mpaka m'mimba, poti cha pakamwa chikumasochera m'njira. Ndinaima kuonerera chikutsika pang'onopang'ono. Kenako ndinakumbukira. Zala zija. Kugwira, kutsitsa pansi.

Ndinawerama. "Bambo, mumanena kapaipi ka kuseri kwa thanki?"

Sanatsegule maso. Amayi akuti kuyambira dzulo sakudzuka bwinobwino. "Iwenso, bambo ako ali chonchi, ukufunsa za mapaipi?"

Ndinatuluka osatsanzika. Mwayi katoni ija sinatayidwe. Ndinakatsuka kapaipiko, n'kuwaza chakudya choyandama ndi nyongolotsi pakona ya kutali. Tofiira ndi Bwana anathamangira komweko. Ine ndinatsitsa kapaipi mpaka pakhomo pa mwala, n'kuponyamo mbulu. Unatsetsereka wokha, popanda woulanda, n'kukagwera pafupi penipeni ndi ndevu za Abusa. Kungotero basi. Zaka zonsezi Bambo amachita zimenezi ine ndikudutsa ndi foni m'manja.

Ndakhala pansi pano kudikira. Mbulu ukadali pomwepo, wayamba kufewa. Ndevu imodzi inagwedera, kaya ndi Abusa kaya ndi madzi chabe. Bwana wamaliza nyongolotsi zake, akubwera.

Foni yalira patebulo, ndi Amayi. Amayi saimba masana, amadikira ndifike.

Idyani, Abusa, chonde.

Ikuliranso.