Mipata ya Amayi a Taipi

Lolemba, 3 Febuluwale

Makompyuta a pasukulu pano asintha onse. Pulogalamu yolipira ija achotsa, atiikira yaulere. Ahedi kumwetulira tsiku lonse ngati aipanga okha. Mtolo wagwera ine kalaliki: mafayilo akale 412, kutsegula iliyonse, kuisunga mwatsopano. Makalata akutseguka bwinobwino. Makumi atatu lero. Ndathokoza.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Mlamu wanga pawindo la ofesi, mwana kumsana. Akufuna kalata ya malikisi ake a 2009, ija yoyamba inapsera m'nyumba. Kusukulu ya unamwino atseka kulandira Lachisanu. Zaka zonsezi akudikira mwayi umenewu. "Alamu, ndadalira inu." Ine kudzigunda pachifuwa, ndati mawa yatheka. Pakamwa pangapa!

Lachitatu, 5 Febuluwale

Fayilo yatseguka, koma zonse balala. Mayina uku, malikisi uko, mizere yothyokathyoka. Pafupi ndi dzina la mlamu pali 31 ya Bayoloji, m'munsi mwake 78. Yake ndi iti? Buku lapepala chiswe chinamaliza kalekale. Ahedi akuti, "Sindisaina zongoganizira." Akunena zoona, komabe ndawakwiyira mpaka nthawi yoweruka.

Mwini chisokonezochi ndikumudziwa. Amayi a taipi, amene anapuma ntchito zaka zisanu zapitazo. Matebulo a pakompyuta sankawadziwa. Ankangogunda batani la mpata, kha kha kha, mpaka manambala alunjikane, ngati ali pa taipilaita. Ndinkawaseka ine. Pamaso pawo, aphunzitsi akumva.

Mlamu waimba kawiri. Sindinayankhe.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Mamawa ulendo wa kwa amayi a taipi, manyazi nditapinda m'thumba. Ndawapeza akuyanika zovala. Zakale sanandikumbutse ngakhale pang'ono. Angoti, "Dikira ndipeze magalasi."

Muofesi ayang'anitsitsa sikirini, manja ali kumbuyo. Kenaka: "Mwanawe, zilembo zakozi n'zosiyana kunenepa. Ine ndinkawerengera mipata pa zilembo zofanana. Ika za ngati taipilaita, uzichepetse."

Ndasintha. Mizere yonse yabwerera m'malo ngati ana belu likalira. 78 ndi ya mlamu! 31 ndi ya mzere wam'mwamba, inangotsetsereka. Misozi yalengeza, ndanamizira fumbi la m'kabati. Ahedi awerenga kawiri, asaina, adinda.

Mawu a akulu akoma akagonera. Awa agonera zaka zisanu. Ndathokoza mpaka amayiwo andiletsa, akuti ndikuwachedwetsa, kukubwera mvula ndipo zovala zili panja.

Lolemba, 10 Febuluwale

Mlamu anapereka kalata ija Lachisanu masana, dzina analilemba. Pafoni kulira ndi kuseka pamodzi, sindinamve theka la zimene amanena. Mtima wanga mbee.

Mafayilo atsala 370. A malikisi ndikuwaika m'matebulo enieni tsopano, kuti wobwera pambuyo panga asadzandidandaule.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Amayi a taipi atulukira okha, osaitanidwa, kapilo kawo kakale kali kukhwapa. Iwo kuwerenga manambala mokweza, ine kulemba. Makalasi anayi tisanapume. Ana ena akuwakumbukira ndi mayina a makolo omwe.

Titamwa tiyi anena chapansipansi: "Tebulo lakolo undiphunzitse. Koma usaseke."

Ndawasiyira mpando wanga. Chala chawo chikuthamangirabe ku batani la mpata. Kha kha kha. Sindinaseke, ndikungodikira.