Madontho Awiri Osochera

Lolemba, 12 Meyi

A Satifiketi, bwana wathu, abwerako ku kosi yawo. Masiku atatu okha, koma kayendedwe kawo ngati kompyuta anaipanga ndi iwo. Chipepalacho achiika kale mu fulemu, achipachika pamwamba pa ketulo kuti aliyense wofuna tiyi aziyamba wachilonjera.

Atiikira pulogalamu yatsopano yojambulira magalafu. Akuti yomwe ndimagwiritsa ntchito ija ndi yachikale ngati mwini wake. Anaseka okha. Zaka 14 ndikuphwanya timabuloko ta konkire mu labu muno, lero andiphunzitse kuika kadontho papepala munthu wosadziwa ndi poyatsira pomwe makina ophwanyira. Mxii!

Lachiwiri, 13 Meyi

Chionetsero m'mawa wonse. Galafu yamitundu isanu ndi iwiri, yokhala ndi chithunzithunzi kumbuyo, ukaikoka ndi mawusi ikuzungulira ngati nkhuku yowotcha. Ndinafunsa kuti manambala a m'mbali ali kuti, sindikuwaona. Akuti, "Mayi, masiku ano anthu amadya ndi maso." Adalaivala athu anayamikira kuti ikanakhala nsalu akanagulira akazi awo. A Satifiketi anamva ngati awapatsa mendulo.

Chikomekome cha mkuyu.

Lachitatu, 14 Meyi

Lero ndaphwanya timabuloko 12 ta ku sukulu yosanja ikumangidwa ija, ta silabu ya pamwamba pa makalasi. Lipoti likanena kuti konkire yakhwima, Lachisanu achotsa mapolo ochirikiza silabuyo. Likanena kuti ayi, mapolo akhala pomwepo.

Khumi talimba bwinobwino. Nambala 11 ndi 12, abale, makina asanabuule n'komwe tafumbutuka ngati bisiketi. Ndayang'ana m'buku: tonse tiwiri n'ta konkire ya lole yomaliza, yomwe anathira pakona ya masitepe. Si ngozi imeneyi. Kamodzi kakhoza kunama, osati tiwiri ta lole imodzi.

Ndinalowetsa manambala mu pulogalamu ya abwana. Mzere wofiira wa kulimba kofunika pakati, madontho khumi pamwamba pake, awiri pansi penipeni. A Satifiketi anaima kumbuyo kwanga akupumira pakhosi panga, anvekere, "Aa, amenewo ndi osochera. Taonani izi." Anadina kabatani kena, madontho awiri aja zii. Mzere wabuluu wosalala unadutsa pa otsalawo ngati waitanidwa ku ukwati.

Ndinati bwana, madontho mwafufuta, nanga konkire ili pakona ija mwaifufutanso? Akuti pulogalamuyi anaipanga akatswiri, imadziwa yokha dontho labodza, mwina ndine ndinaika timabuloko mopendama m'makina. Ine! Ndinatuluka kukatsuka kapu yomwe inali yotsuka kale.

Lachinayi, 15 Meyi

Kontirakitala wabwera yekha, chimimba patsogolo, makiyi agalimoto akuzungulira pachala. Mapolo akuwafuna pa ntchito ina Loweruka. Anatsekerana mu ofesi ndi a Satifiketi, ndimangomva kuseka. Potuluka anandisisita paphewa, "Asisi, mutithandize mwachangu." Usisi unayamba liti?

Masana lipoti linafika patebulo panga. Mndandanda wa manambala mulibe, akuti umadetsa tsamba, galafu yokha ikukwana. Kukongola kwake! M'munsi malo osaina woyeza, ndiye ine. Malo a abwana palibe, akuti fomu yatsopano ndi yotero. Ndinati sindisaina. A Satifiketi anakhala pakona ya tebulo langa, mawu ofewa ngati abusa, kundikumbutsa kuti kontirakiti yanga ikutha pa 31, ndipo amene amalemba kalata yoti aiwonjezere ndi iwo. "Muganize bwino, mayi. Ana ali pasukulu."

Ndinaimbira bambo a ana. Akuti, "Iwe, sukuluyo ndi yako? Saina uzibwera." Nzeru za amuna anga zimathera pomwepo.

Ndasaina 4 koloko itadutsa pang'ono. Cholembera chinakana kulemba, ndinachita kubwereka cha iwo omwewo. Sabata yonse ndakhala ndikuseka munthu wodina mabatani, ine ndadina ndi dzanja langa. Ndikudzinyansa.

Lachisanu, 16 Meyi

Ndinadzuka mutu ukuwawa. Mu minibasi m'maganizo ndimangoona kona ya masitepe, pomwe ana azidzathithikana belu likalira.

9 koloko kunabwera injiniya wa eni sukulu kudzatenga lipoti. Mayi wamfupi, nsapato zafumbi, magalasi omanga ndi kawaya. A Satifiketi anamuyatsira sikirini yaikulu, kuizunguza galafu ija uku ndi uku, kufotokoza za mitundu. Mayiyo sanayang'ane n'komwe. Anatenga pepala, kutulutsa pensulo m'tsitsi, n'kuyamba kugunda madontho limodzilimodzi ngati akuwerenga anapiye. Anabwerezanso.

"Tinatumiza timabuloko 12. Apa ndikuona khumi. Tiwiri tili kuti?"



A Satifiketi anakonza tayi. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma wawo unalewa bwinobwino. "Zoyezayeza ine sindikhudzako, mayi. Ine ndimangoona za kaonekedwe. Amene anayeza ndi kusaina ndi awa." Chala chili pa ine.

Mayiyo anatembenuka. "Siginecha iyi ndi yanu?"

Ndinati ndi yanga.

"Madontho awiriwo munawaona?"

Ndikanatha kunena kuti ndi pulogalamu. Ndikanatha kuloza tayi ija. Ndinati ndinawaona, anali pansi pa mzere wofiira, onse a lole yomaliza, pakona ya masitepe, ndipo ndinasaina ndikudziwa. Ndinatulutsa buku la labu n'kutsegula tsamba la Lachitatu.

Anawerenga ataimirira, kenaka anaimba foni ku sukulu kuja. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Kachitatu kapitawo anayankha, ndipo ndinamva ndi makutu anga phokoso la hamala kumbuyo kwake.

"Siyani! Mwachotsa angati? Bwezeranipo onse, ndipo pansi pa silabupo pasapezeke munthu."

Anali atachotsa kale mapolo asanu ndi limodzi, kuyambira mbali ya kuchipata. Pakona anali asanafike.

Ndinakhala pa ndowa ya mchenga. Mayiyo anaika buku langa m'chikwama chake, akuti likafunika ku komiti yofufuza, ndipo inenso ndikafunika. Sanandikalipire. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi aja n'kufunsa kuti ndagwira ntchitoyi zaka zingati.

Ndinati 14.

"Ndiye inu mumadziwa," anatero. "Awawa sadziwa kanthu. Inu mumadziwa."