Vidiyo ya Chinkhoswe Yatseka Njira

Lachitatu, mwezi wa Juni. Chifunga sichinachoke ku Linthipe kuno mpaka masana. Kwazizira, koma ine ndapsa mtima.

Intaneti ya pasukulu pano yakhala ikukwawa masabata awiri. A hedi, bambo Kamwendo, anagamula kale kuti vuto ndi loti ana a Folomu 4 akuonera mafilimu, ndipo akufuna nditseke chipinda cha makompyuta chimene ndimayang'anira. Mayeso ali pafupi chonchi! Ndinakana kutseka popanda umboni.

Makompyuta onse, ngakhale ya mu ofesi mwawo, amayendera seva imodzi, makina amene amagawa intaneti. Ndiye ndinalemba kapulogalamu kolowa m'kenelo, pakatikati penipeni pa makinawo, kuti kaziwerenga zimene soketi iliyonse yatumiza ndi kulandira. Soketi ndi kakhomo kamene pulogalamu imatsegula polankhula ndi kunja, ndipo kalikonse kali ndi mwini wake.

Lero ndaona zotsatira. Za ana n'zochepa zedi. Soketi imodzi yokha ndiyo yadzaza njira yonse, ndipo ndi ya a hedi. Ikutumiza vidiyo ya chinkhoswe cha mwana wawo kwa achibale ku Joni. Ikaduka, imayambiranso pachiyambi.

Ndawasonyeza tili awiri, mwaulemu. Anayang'anitsitsa, kenako anati, "Mayi Phiri, kachotseni kapulogalamu kameneka. Kakusokoneza makina."

Ndinati, "Bambo, vidiyoyo ndikuthandizani kutumiza Loweruka. Koma aka sindichotsa ayi."

Kiyi wa chipindacho ali m'chikwama mwangamu. Mawa m'mawa nditsegula, ana alowa. Ngati a hedi akufuna anawo atuluke, abwere adzawauze okha chifukwa chake.